Kalata ya Abusa: Nanga Yusto Uja Anapita Kuti?

Kwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a Mvano, abambo, achinyamata ndi akhristu onse a m'milaga yathu,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu zikhale nanu.

Ndikulemba kalatayi Lolemba, pa 2 Disembala 2024, mvula ikuwaza pamalata. Ndapempha alembi a sesheni kuti iwerengedwe m'milaga yonse sabata ino, ndiponso itumizidwe pa magulu athu a WhatsApp, poti nkhani yomwe ndikufuna kukambayi yakulira pomwepo.

Sabata yatha tinali pa maliro ku mlaga wina wa kumtunda. Ndinalawirira, mwambo usanayambe, ndipo nditazungulira kuseri kwa nyumba ndinapeza moto wasonkhedwa pawiri. Kwathu kuno pa maliro timaphikira pamodzi, wina akuvundula, wina akuomola, wina akutsuka mabeseni. Tsiku limenelo gulu lina la amayi linali pansi pa mtengo wa mango, lina cha ku khola la nkhuku, aliyense ndi mafuwa ake ndi nkhuni zake. Mthiko waukulu unali umodzi wokha, ndiye panali kamtsikana kamene kankathamanga nawo uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Nditafunsa chimene chachitika, onse anayang'ana pansi. Mayi wina wachikulire ndiye anandinong'oneza kuti, "Abusa, ndi za ku Mzuzu zija."

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti amayi amenewa si a zipani zosiyana ayi. Ndi a chipani chimodzi, nsalu yawo yofiira ndi imodzi. Mu Juni, ndege ija itagwa ku Chikangawa n'kutenga moyo wa Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, amayi omwewa analira atagwirana manja, ndipo ena anasonkherana ndalama ya minibasi kupita ku Nsipe kukaperekeza. Miyezi isanu ndi umodzi sinakwane, lero akulephera kubwerekana mthiko.

Kwa amene simutsatira za ndale, nkhani yake ndi iyi. Pa 17 Novembala chipani cha UTM chinachita msonkhano wake waukulu ku Mzuzu, kusankha mtsogoleri amene adzachiimirire pa chisankho cha pa 16 Seputembala chaka chamawa. Nthumwi zinasankha Dr Dalitso Kabambe, amene kale anali gavanala wa Reserve Bank, ndipo anaposa Mayi Patricia Kaliati, a Newton Kambala ndi Dr Matthews Mtumbuka. Dr Michael Usi, amene pa nthawi ya msonkhanowo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndipo ankatsogolera chipanicho a Chilima atamwalira, sanapikisane nawo. Ndiye pakati pathu pali ena amene akuti chipani chapeza munthu woyenera. Ena akuti chaperekedwa kwa mlendo, munthu amene dzulodzuloli anali ku DPP, pamene amene anachivutikira kuyambira 2018 atsala m'manja muli zii. Enanso mtima wawo watsala ndi a Usi.

Ndinene msanga kuti sindikulemba kuti ndiweruze zimenezo. Ku Mzuzu sindinapiteko, ndipo mu mpingo uno ndine mbusa wa a MCP, a DPP, a UDF, a Aford, a UTM, ndi a gogo aja amene amanena kuti chipani chawo ndi khasu. Simudzandimva pa guwa kapena pansi pa mtengo ndikukuuzani woti mumuvotere. A zipani zinanu musasekerere poganiza kuti kalatayi ndi ya anzanu okha. Inu a DPP mukukumbukira mmene munakokanirana pa nkhani ya a Kondwani Nankhumwa mpaka anachotsedwa m'chipani kumayambiriro kwa chaka chino n'kukayambitsa chawo. Inu a MCP, ngakhale Dr Chakwera anadutsa opanda wopikisana naye mu Ogasiti, mipando ina inasiya anthu ndi zilonda. Ndipo zisankho zachipulula za aphungu ndi makhansala zikubwera m'zipani zonse. Mnzako akapsa ndevu mzimire.

M'masabata awiriwa ndamva mawu ambiri, koma amene akundisowetsa tulo ndi a wachinyamata wina wa m'kwaya, amene anabwera kunyumba madzulo ena, wakwiya mpaka milomo kunjenjemera. Iye anati, "Abusa, ine sindidzavotanso. Kapena ndidzavotera amene iwowo amadana naye, kuti aphunzire." Tsiku lomwelo, pa gulu la abambo, wina analemba kuti aliyense amene akudandaula za zotsatirazo ndi Yudasi, anyamuke azipita. Anthu awiriwa amakhala benchi limodzi Lamulungu lililonse.

Tsegulani Machitidwe a Atumwi, mutu 1, kuyambira ndime 15. Yudasi atafa, mpando wake unatsala wopanda munthu, ndipo abale okwana ngati 120 anasonkhana kuti apeze wolowa m'malo. Petro anaika muyezo: akhale munthu amene anayenda nawo nthawi yonse, kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Ambuye anakwera kumwamba. Anapezeka anthu awiri, Yosefe wotchedwa Barsaba, amene ankatchedwanso Yusto, ndi Matiya. Anapemphera, anachita maere, ndipo anagwera Matiya.

Timakonda kulalikira za Matiya, koma ine masiku ano maganizo anga ali pa Yusto. Taganizani za munthu ameneyu. Zaka zonse zija anayenda m'fumbi la ku Galileya pamodzi ndi anzakewo. Muyezo wa Petro anaukwanitsa ndendende ngati Matiya. Luka akutchula maina ake atatu, pamene wopambanayo akumutchula ndi dzina limodzi lokha, ndiye ine ndimaona ngati Yusto anali munthu wodziwika bwino pakati pa abale. N'kutheka kuti analipo anzake amene ankayembekezera kuti zimugwera iye. Maere atagwa, dzina lake silikumvekanso. Sitikumva kuti anatenga abale makumi anayi n'kukayamba kupemphera kwina. Sitikumva kuti anayendayenda m'makomo a ku Yerusalemu kunena kuti Petro anakonzeratu maerewo. Chimene tikumva n'choti mutu wotsatira ukungoyamba ndi mawu akuti pa tsiku la Pentekoste anali onse pamodzi pamalo amodzi. Ndikawerenga mawu akuti "onse", ine ndimamuona Yusto ali m'chipindamo, mwina chakumbuyo pafupi ndi khomo, mtima ukadali wolemera, koma alipo. Ndipo malilime a moto aja sanasankhe kuti uyu anapambana, uyu anagonja. Anakhala pa aliyense.

Musandimve molakwa. Chipani si mpingo, ndipo voti ya nthumwi ku Mzuzu si maere a atumwi. Sindikunena kuti amene wapambana pa msonkhano wa chipani ndiye wasankhidwa ndi Mulungu. Ndikunena za mtima wa munthu amene wagonja, chifukwa mtima umenewo ndimaudziwa.

Zaka zambiri zapitazo, ndisanabwere kuno, ndinaima nawo pa chisankho cha udindo wina pakati pa abusa anzanga. Ndinali nditawerengeratu mavoti m'mutu, poti anthu ambiri anandigwira dzanja n'kundiuza kuti "abusa, musadere nkhawa." Mapepala atawerengedwa, anapambana mbusa wachinyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa sesheni. Ndinamwetulira, ndinamugwira chanza, ndinapemphera nawo pemphero lotsekera. Pa tsiku lomulonga ndinatumiza uthenga kuti njinga yamoto yawonongeka. Njingayo inali bwinobwino, ili m'khonde, ndi petulo wodzadza. Kwa chaka chathunthu, chilichonse chimene iye akanabweretsa pa msonkhano ndinkachipezera chifukwa, ndipo ndinkadziuza kuti ndikuteteza malamulo a mpingo. Amene anandidzutsa ndi amayi a kunyumba kuno. Usiku wina ndikudandaulanso za munthu yemweyo, anangondifunsa kuti, "Bambo, kodi mfundoyo ikanachokera kwa inu, ikanakhala yoipa?" Ndinasowa choyankha. Ndinadzapita kukapepesa, koma ntchito zina zabwino zinali zitachedwa kale chifukwa cha ine, ndipo amene anavutika si mbusa uja ayi, koma akhristu a m'midzi amene sankadziwa n'komwe kuti kunali chisankho.

N'chifukwa chake, mwana wanga wa m'kwaya, ululu wako sindikuupeputsa. Unayenda pansi, unagula mabando ndi ndalama yako, unakangana ndi amalume ako chifukwa cha munthu amene unamukhulupirira. Kuwawa kumeneko n'koona. Koma voti ya mkwiyo siluma amene wakukwiyitsayo. Iye adzagona bwino m'nyumba yake ya mpanda. Amene adzalumidwe ndi mayi ako, amene akufola pa chipatala m'bandakucha n'kuuzidwa kuti mankhwala akagule ku famase. Chaka chino chilala cha El Niño chachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, ndipo nonse mukudziwa mtengo wa thumba la feteleza ndi ndowa ya chimanga. Amene muli ndi galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto mwagona pa mizere ya mafuta masabata apitawa. Zimenezi ndiye zoti munthu alowe nazo m'kachipinda kovotera, osati chithunzi cha amene anakuseka pa WhatsApp.

Ndipo inu bambo amene munalemba za Yudasi, ndi ulemu wonse, tiyeni tikumbutsane mbiri ya dziko lathu. Dr Bakili Muluzi atasankha Dr Bingu wa Mutharika kuti aimire UDF mu 2004, akuluakulu ena monga a Aleke Banda anachoka, ndipo a Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anaima paokha. Chaka cha 2005 a Bingu eniake anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Mayi Joyce Banda atachotsedwa mu DPP kumapeto kwa 2010 anayambitsa PP. Ndipo mu 2018 a Chilima anatuluka mu DPP, UTM n'kubadwa. Ngati kuchoka m'chipani ndi kukhala Yudasi, ndiye pafupifupi tonse amene tili ndi nsalu ya chipani m'sutikesi tabadwira m'nyumba ya Yudasi. Mawu amenewo ndi olemera kwambiri. Yudasi anagulitsa Mwana wa Mulungu. Mnzanuyo wangosiyana nanu maganizo pa za munthu woti aime pa chisankho.

Palinso china chimene atsogoleriwa amachidziwa koma ife otsatira timachiiwala. Iwo amakangana masana, usiku n'kuimbirana foni. Mu Meyi 2019 Dr Chakwera ndi Dr Chilima anapikisana, ndipo mawu amene owatsatira ankaponyerana pa misonkhano sindingawabwereze m'kalata ya mpingo. Khoti litafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, awiriwa anaima pamodzi mu mgwirizano wa Tonse pa 23 Juni. A Atupele Muluzi nawonso anapikisana ndi Pulofesa Peter Mutharika mu 2019, chaka chotsatira n'kukhala womutsatira wawo pa pepala lovotera. Tsopano poti lamulo likufuna kuti wopambana apeze mavoti oposa theka, migwirizano yotere sidzatha. Amene mukumutukwana lero, mu Julayi mungadzamuone ataima pa nsanja imodzi ndi munthu wanu, atakwezana manja. Iwo adzakhala atagwirizana. Inu ndi mlamu wanu mudzakhala musakulankhulanabe, ndipo tsiku la chinkhoswe cha mwana mudzasowa wokuimirani.

Nanga kukhulupirika ku chipani n'koipa? Ayi. Munthu wongoyendayenda m'zipani kutsata kumene kukufuka utsi sitimulemekeza, ndipo amene muli ndi maudindo m'zipani, kaya ku nthambi, ku dera kapena ku boma, munalonjeza kutsata malamulo a chipani chanu. Munalowa mu mpikisano mukudziwa kuti wina adzagonja. Ngati mwaganiza zotsala, tsalani ndi mtima wonse, osati masana kuvala nsalu, usiku kuboola bwato lomwe mwakweralo. Ngati mukuona kuti malamulo anaphwanyidwa, njira zodandaulira zilipo m'chipanimo, ndipo makhoti alipo. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kutsala, tulukani poyera, masana, osanamizira munthu. Inde wanu akhale inde, ayi wanu akhale ayi. Chokhacho chimene sindingavomereze monga mbusa wanu ndi bodza: kufalitsa mauthenga a mawu amene simukudziwa gwero lake, kunena kuti uje analandira envulopu pamene simunaone, kukoka mtundu wa munthu kapena chigawo chimene amachokera. Lamulo lachisanu ndi chinayi silipita ku tchuthi nthawi ya kampeni.

Koma kukhulupirika kumeneku kuli ndi malire. Pa tsiku lolowa mpingo munaimirira patsogolo pano n'kulonjeza pamaso pa Mulungu. Ku chipani munangolandira khadi ndi tisheti. Paulo anadabwa ndi Akorinto amene ankati ine ndine wa Paulo, ine wa Apolo, ine wa Kefa, ndipo anawafunsa ngati Paulo ndiye anawapachikidwira. Ngati anakana kuti anthu adzitche ndi dzina lake iye mtumwi, akanati chiyani za ife amene tikugawa mafuwa pa maliro chifukwa cha anthu amene sadziwa ngakhale dzina la mudzi wathu? Salimo 146 likutichenjeza kuti tisakhulupirire zinduna, chifukwa mpweya wawo ukachoka zolinga zawo zimathera pomwepo. Chaka chino mawu amenewa tawamva ndi misozi, sitifunikanso wotimasulira.

Ambirinu mulibe udindo m'chipani chilichonse. Ndinu ovota chabe, ndipo voti yanu mulibe nayo ngongole kwa munthu. Si ya chipani, si ya amfumu, si ya amuna anu, si ya abusa. Amene muli ndi zaka ngati zanga mukukumbukira Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndi mantha amene anagwira dziko masiku otsatirawo. Mukukumbukira mizere ya pa 14 Juni 1993, tikusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Nthawi imeneyo isanafike, munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi ya chipani. Ufulu woti ulowe wekha m'kachipinda, uchonge amene ukufuna, wina osakuona, unabwera ndi mtengo wake. N'chifukwa chake mawu akuti "sindidzavotanso" amandipweteka kuposa ena onse. Kalembera wa mu kaundula wa voti akuchitika m'magawo. Amene simunalembetse, funsani masiku a kudera kwanu, tengani chitupa cha unzika, pitani. Kuti mudzavotera ndani mudzaganiza bwino mtima ukazizira, miyezi ikadalipo isanu ndi inayi. Koma mukaphonya kalembera chifukwa cha mkwiyo wa Novembala, mu Seputembala mudzangoonerera anzanu ali pa mzere.

Za zisankho zachipulula zikubwerazi ndingonena mwachidule. Mu 2019, mwa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo, 55 inapita kwa oima paokha, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu amene anatuluka m'zipulula osakhutira. Ndiye zimene taona ku Mzuzu zidzafika pa khomo penipeni, pamene opikisanawo adzakhala anthu amene timagula nawo pa msika umodzi, mwinanso a mu mpingo uno. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota. Mkhristu asapezeke akugawa, asapezekenso ali pa mzere wolandira.

Sesheni inakumana Loweruka ndipo tagwirizana izi. Nsalu, zipewa ndi matisheti a zipani zisavalidwe ku tchalitchi, ku mlaga, ku Mvano ngakhale pa maliro amene mpingo ukuyendetsa. Magulu a WhatsApp a kwaya, a abambo ndi a achinyamata ndi a zidziwitso za mpingo ndi mapemphero, ndipo oyang'anira magulu apatsidwa mphamvu zochotsa uthenga uliwonse wa kampeni, posayang'ana kuti watumiza ndani, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Andale akabwera kudzapemphera nafe tidzawalandira ndi manja awiri, adzakhala pa benchi ngati wina aliyense, koma maikolofoni sadzapatsidwa. Akafuna kuthandiza pa chitukuko cha denga lathu lija apereke kwa asungichuma, alandire lisiti, ndipo dzina lawo silidzalengezedwa kutsogolo. Mkulu wina anafunsa ngati sititaya malata ambiri ndi mfundo imeneyi. Mwina titaya. Denga lidzachedwa pang'ono.

Mgonero wa Ambuye udzakhalapo pa 15 Disembala. Pa gome loyamba lija panali Mateyu, amene ankatolera msonkho wa Aroma, ndi Simoni Mzelote, wa gulu lodana ndi ulamuliro wa Aromawo, ndipo anadyera m'mbale imodzi. Ambuye anati ukabwera ndi mphatso yako ku guwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatsoyo, uyambe wapita kukayanjana naye. Ndiye muli ndi masabata awiri. Inu amene munthu wanu anapambana, muyambe ndinu kupita, chifukwa kwa inu mtunda ndi waufupi. Musapite kukafotokoza chifukwa chimene mnzanuyo anagonjera. Mungopita, mukhale pa mkeka, mufunse za ana ndi za kumunda. Akulu a milaga ali okonzeka kuperekeza aliyense amene akuona kuti sangapite yekha, ndipo ine ndidzapezeka mu ofesi Lachitatu ndi Lachisanu kuyambira 2 koloko masana.

Amayi a Mvano a ku mlaga wa kumtunda, Lachinayi lino ndibwera kumeneko pamodzi ndi amayi busa. Tikapita limodzi kukaona namfedwa uja, poti pa maliro paja sitinamutonthoze bwino. Nkhuni ndibweretsa ine. Inu mubwere ndi ufa, ndi mthiko uja.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu mu utumiki wa Khristu.